Kampando ka Foni ya Malemu

Masabata asanu ndi awiri athunthu mwana wanga wachisamba anakhala ndi ngongole yanga. Sinali ya ndalama ayi. Inali ntchito ya masikuluwu anayi, yoti munthu angaimalize tiyi asanazizire m'kapu. Anandilonjeza yekha ndi pakamwa pake, titaima m'khonde la chipatala, kuti Loweruka achita. Loweruka linabwera, linapita, linabweranso, mwamuna wamkulu ali phee.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Ndi ya malemu bambo ake, yakale ndithu, ndipo ndi imene imatidyetsa pamodzi ndi makina anga osokera. Madala ankayendetsa hayala, kunyamula anthu awo omwewo chaka ndi chaka, ndipo atatisiya mwanayu anangolowa pampando pomwepo. Pakati pa mipando iwiri yakutsogolo pali kabokosi ka chivundikiro, paja munthu amatsamiritsa chigongono. M'magalimoto a anzathu, ukatsegula umapeza malo oikamo zinthu. Mwa ife ukatsegula unkapeza kampando ka foni, kakuda, kobwera ndi galimotoyo kuchokera komwe anaipanga, kodzaza bokosi lonse moti ngakhale machesi sankalowa. Madala anazungulira misika mpaka anapeza foni yokwana pamenepo, chifoni cholemera ngati sopo wochapira, cha mabatani ofufutika. Panali patatha chaka ndi theka iwo atagona, koma chifonicho chinali chikhalire pampando wake ngati bwana.

Tsono mdzukulu wanga, amene timamutcha Kanyerere chifukwa sakhala pansi, ali ndi mphumu. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chifuwa chikamugwira amafuna kapampu kake kopopera mankhwala m'kamwa, ndipo amakafuna nthawi yomweyo. Ka kunyumba kamakhala m'kathumba kopachika kuseri kwa chitseko. Ka kusukulu amasunga aphunzitsi. Koma ka m'galimoto kanalibe kwawo. Kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala sikatseguka mpaka ukamenye chibakera katatu. M'thumba la kuseri kwa mpando, ana a makasitomala anakatulutsa kawiri n'kumapopera m'mwamba ngati perefyumu. Ndiye kankangoyendayenda, lero apa, mawa apo.

Tsiku lina akuchokera kusukulu, lole yonyamula mchenga inawathira fumbi, mwana n'kuyamba kubanika. Bambo ake anaima m'mbali mwa msewu, kufufuza kapampu, palibe. Kanali katagubuduzika pansi pa mpando n'kukakamira pakati pa zitsulo. Mmene ankakatulutsa, milomo ya mwana inali itatuwa. Anagona m'chipatala masiku awiri. Ndi pamene ndinamuuza bambo akeyo.

"Chotsa chimpando cha foni chija. Kapampu kazikhala m'menemo, pamalo amodzi, poti iwe ufikapo uli pachiwongolero, mwananso afikapo ali kumbuyo."

"Ndichotsa Loweruka, amayi."

Ine ndinali nditayeza kale ndi tepi yanga. Kapampu ndi chibotolo chake chopumiramo zinkakwana bwinobwino, n'kutsalako malo a zala ziwiri.

Loweruka loyamba anati makasitomala achuluka. Loweruka lachiwiri anati alibe chomasulira choyenera. Loweruka lachitatu anati mawaya ake ndi ovuta, pafunika wodziwa. Loweruka lachinayi anagula kachingwe n'kumangirira kapampu ku giya. Ndinamufunsa ngati mankhwala a mwana asanduka mbuzi.

"Iwe," ndinatero tsiku lina akutsuka matayala, "pachifoni chimenecho amakuimbira ndani? Mulibe ndi khadi lomwe."

"Palibe, amayi."

"Nanga ukusungiranji?"

"Ndichotsa."

"Unayamba kunena zimenezo mano a mwana asanagweruke. Taona, ena awiri amera kale."

Anangopitiriza kupaka sopo tayala loyera kale. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma ulesi ndikauona ndimaudziwa. Ndi mmene ndinkaganizira.

Loweruka lachisanu ndi chiwiri, iye ndi mkazi wake anapita wapansi ku msonkhano wa makolo kusukulu. Makiyi anawasiya pamsomali. M'mawa umenewo Kanyerere anali atatsokomola kawiri, kutsokomola kouma kuja kumene kumandiimitsa phazi pamakina. Ndinati basi, zakwana. Ndinatenga kachitsulo komasulira masikuluwu a makina anga, ndi sizasi yanga yaikulu.

Masikuluwu anayi aja anatuluka osavuta n'komwe. Nditanyamula kampandoko, pansi pake panatuluka chingwe chonenepa ngati chala changa chaching'ono, cholowera mkati mwa galimoto. Ndinakoka, sichinabwere. Ndinafufuza pozula, sindinapaone. Ndiye ndinachita zomwe ndimachita ulusi ukakana. Ndinadula, ndipo ndinadulira m'tsinde mwenimweni kuti pakhale poyera. Panathetheka moto, n'kusiya kachibanthu pa sizasi imene ndakhala nayo zaka makumi awiri. Zimenezo zinandiwawa, koma bokosi linali mbee, lakuya mpaka dzanja lonse kulowa. Ndinadula kansalu kofewa kobiriwira n'kuyalamo, ndinaikamo kapampu ndi chibotolo chake, n'kutseka. Foni ndi kampando kake ndinaziponya m'katoni ya zidutswa za nsalu.

Mwana wanga atabwera ndinamutengera ku galimoto ndekha.

"Tsegula uone ntchito ya masabata asanu ndi awiri."

Anatsegula. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti foni ili kuti. Ndinamulozera katoni. Anaitola, anadina batani, sinayake. Anatola kampando, anakatembenuza, anaona pomwe ndinadula. Sanakalipe. Anazibwezera m'katoni mosamala ngati mazira, n'kupita kukakhala kuseri kwa nyumba, pa njerwa zimene timayanikapo nsapato.

Make Kanyerere, mpongozi wangayo, ndi munthu wofatsa, sayamba nkhani. Tsiku limenelo anayamba.

"Amayi, mufoni muja muli mawu a bambo."

"Mawu otani? Mauthenga?"

"Mawu awo enieni. Paja kulemba kunkawavuta. Ndiye kasitomala akawauza tsiku ndi malo, ankadina batani n'kudziuza okha, foni n'kujambula. Alimo oposa makumi anayi. Awa atayamba kuyendetsa, makasitomala onse anawadziwira m'menemo. Mpaka pano akamadikira munthu amamvera."

Ndinakumbuka kuti ndinkawaona madala atakhala m'galimoto pageti, milomo ikugwedera ali okhaokha. Ndinkati ndi ukalamba.

"Ndiye aitchaje m'nyumba, vuto n'chiyani?"

"Polowetsa tchaja panafa kalekale. Imalandira moto pa kampando kaja basi, kudzera pa tizitsulo tapansi. Batire yake sisunganso. Mukangoichotsa pamenepo imazima."

Ndinapita kuseri kwa nyumba. Anali akuthyolathyola kamtengo.

"Bwanji osandiuza?"

"Majekete a bambo munawadula sabata yomwe ija ya maliro, n'kusokera Kanyerere masiketi. Munati wakufa savala. Ndikanakuuzani za mawu, mukanati chiyani?"

"Ndikanati wakufa sayankhula."

"Ndiye mwaonatu."

"Koma mwana wako ndi wamoyo, ndipo amafuna kupuma."

"Ndikudziwa, amayi. N'chifukwa chake sindikukalipa. Loweruka lililonse ndinkatenga chomasulira n'kukakhala m'galimoto muja. Manja ankakana."

Ine si munthu wopepesa ndi pakamwa. Lolemba m'mawa ndinakulunga foni ndi kampando m'kansalu, n'kupita kwa wamawaya, amene amakonza zamagetsi a galimoto kuseri kwa omata matayala. Shedi yake ndi yodzaza mawailesi akufa, ndipo iye mwini ndi wamtali, wa magalasi omanga ndi waya. Anatembenuza kampandoko kawiri.

"Anadula apa ndani?"

"Ine."

"Ndi chiyani, nkhwangwa?"

"Sizasi."

"Inu si atelala aja a pakhonde? Nsalu mumadula chonchi, osasiya posokera?"

Pamenepo anandilasa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anthu obweretsa nsalu yodula kale, yopanda posokera, n'kumati ndiwachitire zozizwitsa.

"Sindinabwere kudzaphunzira kusoka. Zitheka kapena ayi?"

"Tayani, mayi. Mafoni amenewa anatha kalekale. Muli mawaya asanu ndi atatu m'menemu, owonda ngati tsitsi, ndipo mwawameta mpala. Ndiyenera kung'amba pansi ponse n'kumafufuza limodzilimodzi."

"Ndafunsa ngati zitheka."

Anatchula mtengo. Ndinamufunsa ngati akundigulitsa galimoto ina. Anatsitsako pang'ono, ine n'kuyamba kukulunga katundu wanga. Koma ndikukulunga choncho maso anga anali pa ovololo yake. Zipi inali itafa, anamanga ndi waya. Mabondo onse awiri anali panja. Pamsomali panali ma ovololo ena awiri, odwala matenda omwewo.

"Tamverani. Ma ovololo atatu, zipi zatsopano, zigamba za m'mabondo zosoka kawiri. Inu mundipangire kuti kampandoka kazilandira moto pasoketi ya m'nyumba."

"Muwonjezere diresi la akazi anga."

"Diresi ayi. Akazi anu sindinawaone, mwina ndi a mamita asanu."

Anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. Tinagwirizana kuti ndiwonjezere chovala cha mpando wa njinga yake yamoto.

"Mubwere Loweruka," anatero.

"Loweruka ndalimva mokwanira. Ndikhala pompano."

Ndinakhala pabenchi yake, ovololo pamiyendo, singano m'manja, n'kuyamba kusomola zipi yakufa. Akati atembenukire galimoto ya munthu wina, ine kutsokomola. Tsiku loyamba anang'amba pansi pa kampando n'kupeza kuti pa mawaya asanu ndi atatu aja, ofunika ndi awiri okha. Tsiku lachiwiri ndinafika iye asanatsegule. Anawotcherera tiwaya tatsopano ndi mtovu, mphuno ili pafupi kugunda chitsulo chamoto, akudandaula kuti ngakhale apongozi ake samulondera chonchi. Dzuwa lili pamutu analumikiza ku pulagi, anakhazika foni, tinadikira. Kwa kanthawi panalibe kanthu. Kenako kagalasi kanayaka, kobiriwira, kofooka.

"Timvereko?" anafunsa, chala chili pa batani.

"Ayi. Si anu."

Kunyumba ndinachotsa zitini za mabatani pashelefu ya pamwamba pa makina, pafupi ndi soketi, n'kukhazikapo kampando ndi foni yake. Mwana wanga anabwera masana kudzadya. Ataona kagalasi kakuwala anaima pakhomo, makiyi ali m'manja.

"Usangoima ngati mlendo. Ine mabatani ake sindiwadziwa."

Anadina. Panamveka kaphokoso ka injini, kenako kutsokomola kwa madala kumene ndinakumva m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu ndi zinayi.

"Lachitatu, sikisi koloko m'mawa, anamwino a geti lobiriwira. Osaliza hutala, khanda lawo limakhala lili mtulo. Gogoda pang'ono."

Anadinanso.

"Pobwerera, singano za makina, nambala sikisitini, ndi ulusi wakuda. Wakuda, osati wabuluu ngati tsiku lija. Ukalakwitsanso, mdala iwe, ukagona m'galimoto."

Tsiku la ulusi wabuluu ndimalikumbuka. Ndinawabweza kutauni mvula ikugwa, iwo n'kupita akuseka. Ndinapitiriza kupalasa makina, ndipo msoko wa ovololo ya wamawaya unakhota moti pambuyo pake ndinachita kusomola wonse. Mwana wanga anakhala pansi, msana atatsamira mwendo wa tebulo, monga ankachitira ali wamng'ono. Tinamvera ena atatu. Kenako ndinapukuta mphuno ndi chidutswa cha nsalu.

"Wamva, eti? Ali pano, sapita kulikonse. Ukafuna kuwamva uzibwera pakhonde pano, undipezenso ine amene ndikadali moyo. Koma ngongole yako ikadalipo."

"Si mwachotsa kale, amayi?"

"Ndachotsa mwa utelala. Mawaya ali pamtunda pansi pa nsalu ija, wailesi ya m'galimoto yafa chidulireni, ndipo nsaluyo sinamatidwe. Unalonjeza ndi pakamwa pako, umalize ndi manja ako."

"Loweruka ndi..."

Ndinamuyang'ana. Anaseka, koyamba kuchokera tsiku lija, n'kudzuka chakudya chisanafike n'komwe.

Ndinaima pambali pa galimoto mpaka anamaliza. Waya uliwonse anaukulunga tepi pawokha n'kuukankhira pansi. Anasintha fyuzi imene ndinapsereza, wailesi n'kuyambanso kulankhula. Anapaka guluu, anamata kansalu kobiriwira, ine n'kumuuza kuti kona imodzi yakwinyika, anamatula n'kumatanso. Kanyerere atabwera kuchokera kusukulu tinamukhazika kumbuyo, pamalo pake, lamba atamanga.

"Tsinzina," ndinamuuza. "Tenga kapampu."

Anatambasula dzanja ali chitsinzinire, anakweza chivundikiro, anakatulutsa. Bambo ake anayesanso, dzanja limodzi lili pachiwongolero, maso ali kutsogolo. Anakapeza ulendo woyamba.

"Bwanji, amayi?" anafunsa.

Ndinatsegula ndekha, ndinapisa zala ziwiri m'mbali, zinalowa monga ndinayezera. Ndinatseka.

"Ngongole yatha. Kadye, chakudya chazizira."