Injini ya a Khutu Ikugogoda

Mwana wamkazi wa a Khutu anali atakonzeratu mawu ake ali kunyumba, koma atangolowa m'galaja n'kuona bambo ake atawerama m'boneti, anayamba kuzengereza. Anabwera kudzawauza kuti pa mpikisano wa magalimoto wa chaka chino sayendetsanso injini yawo yakale ija. Ankafuna yatsopano.

Dzina loti a Khutu silinali lachipongwe ayi. Mkuluyu injini ankaikonza ndi makutu. Ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, kenaka n'kunena pamene pakudwala. Amakaniko anzawo ankaseka kuti akanakhala dokotala bwenzi manda atatsekedwa.

"Bambo, yatsopanoyo ndi ya masilinda anayi okha, koma mphamvu ikuposa yathuyi," anatero mwanayo, maso ali pa matayala akutha omwe anaunjikidwa pakona. "Ndi yopepuka. Petulo imangonyambita."

"Nanga mtengo wake?" anafunsa a Khutu osadzutsa mutu. "Suja akuti ungagulire nyumba? Yathuyi masilinda asanu ndi atatu, masipeya timakatola kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Imamwa ngati chidakwa, inde, koma chidakwa chake n'chapachibale."

Mwanayo anaseka, koma mumtima munali chisoni. Nkhani sinali pa mtengo. Injini yatsopanoyo imabwera yomatamata, ikadwala amailumikiza ku kompyuta, kompyutayo n'kulemba vuto. Manja a bambo ake, okhakhala ndi girizi wa zaka zambirimbiri, akanasowa pogwira. Ndiye munthu ungawauze bwanji bambo ako okubereka kuti ntchito yawo yatha?

"Taliza umve wekha," anatero a Khutu.

Mwanayo analiza injiniyo. Chinjinicho chinabangula, malata a galaja n'kunjenjemera, masipanala pakhoma n'kuyamba kuvina. Koma pansi pa kubangulako panali kaphokoso kena, go go go, kochokera m'kati mwenimweni. Kugogoda kotere ngakhale wogulitsa nyuzipepala pamsewu akanakumva. Mabering'i, tizitsulo tothandiza kuti za m'kati mwa injini zizizungulira bwino, anali akutha, ndipo injini yotere ikhoza kuphulika munthu ali pa liwiro.

A Khutu anagunditsa sikuludiraiva, n'kutsinzina, nkhope ili mwee.

"Wamva? Ikuimba ngati kwaya!"

Mwanayo anawayang'anitsitsa bambo akewo. Anali atazindikira kale kuti wailesi kunyumba ikukwezedwa mopitirira, komanso kuti mayi ake masiku ano amachita kukuwa poitanira anthu kuchakudya, koma ankadzinamiza kuti ndi nkhutukumve chabe za amuna akuluakulu. Lero panalibenso pothawira. Bambo ake sankamvanso bwino.

Mwanayo anawasendera pafupi. Anangowagwira dzanja, monga ankachitira ali kamwana powoloka msewu, n'kuliika chikhatho chonse pambali pa injini, m'munsi momwe simunatenthe. Anasanjikapo lake pamwamba.

Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Go go go uja ankalowa m'zala, n'kukwera mkono. A Khutu anayang'ana chitsulo, anayang'ana sikuludiraiva, kenaka anatambasula dzanja linalo n'kuzimitsa injini okha. M'galaja munangoti zii.

"Yayamba liti?" anafunsa.

"Chaka chatha, bambo. Poyamba inali pang'ono."

"Ndiye iwe unkathamanga nayo choncho? Ine ndikukuimikira chala kuti zonse zili bwino?"

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

Mkuluyo anakhala pa chigubu cha oyilo. Sanalire, koma mwana wakeyo anaona kuti chimene chawalasa si makutuwo. Bambowo ankaganiza za makona onse amene anamuonerera akukhota pa liwiro, iwo akuomba m'manja.

Patapita kanthawi anapukuta manja pa ovolosi.

"Gula yatsopanoyo, mwanawe. Ikakhala yodula tigulitsa iyi, ndi lole yanga yonyamulira katundu tiwonjezerepo." Anakhosomola, n'kufunsa mwamanyazi ngati mwana wasukulu: "Kompyuta yakoyo imalemba zilembo zikuluzikulu? Maso ndikadali nawo."