Mapilitsi M'chitini cha Mabatani

Atelala ankadziwika msewu wonse kuti ndi munthu wosanama. Thalauza likakhala loti silingakonzeke, ankakuuza pamaso kuti ukapukutire pansi. Koma tsiku limenelo anakhala pabenchi ya kuchipatala, chitini cha mabatani chili m'thumba la jekete, akudziwa kuti anama kwa miyezi itatu yathunthu.

Pambali pawo panali mwana wawo wamkazi, amene kunyumba ankamutchula kuti Kalaliki chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankalemba chilichonse, ngakhale tsiku limene nkhuku yaikira. Atakula anapeza ntchito yomuyenera, yopereka mankhwala pazenera la sitolo. Lero ananyamula kope lochongamo mankhwala a bambo ake, akulisisita ngati satifiketi.

Matenda a Atelala anali khansa ya impso, ndipo pamene inkadziwika inali itafika kale m'mapapo. Dokotala wawo, mayi wolankhula mosathamanga, anawayalira njira ziwiri zoyambira. Ina inali ya madiripi okhaokha odzutsa chitetezo cha m'thupi. Inayo inali ya diripi pakapita milungu itatu iliyonse, kuwonjezapo mapilitsi a tsiku ndi tsiku otseka timitsempha todyetsa chotupacho. Dokotala anakonda ya mapilitsiyo, chifukwa ankafuna kuti chotupa chibwerere msanga. Anawonjeza kuti chilichonse chachilendo chikaoneka m'thupi, anene. Atelala anagwedeza mutu, koma mawu omalizawo anawasiya pampando pomwepo.

Diripi sinawavute. Mapilitsi ndiwo anawaonetsa zakuda. Sabata yachitatu zikhatho zinafiira, nsonga za zala zinatuluka matuza, ndipo mapazi ankawotcha ngati aponda makala. Nanga telala wopanda zala ndi mapazi n'chiyani? Chopondera makina chinakhala mdani. Singano ankaigwira ngati munthu wophunzira. Tsiku lina anabowola jekete la mphunzitsi wina bowo la batani lokhota, mwiniwake n'kukalikonzetsa kwa telala wa kutsidya kwa msewu, munthu amene iwo anamuphunzitsa kugwira sizasi. Zimenezo zinawapweteka kuposa matuza.

Mawa lake pilitsi sanameze. Analitulutsa m'pepala lake bwinobwino, n'kuliponya m'chitini cha mabatani. Kutaya sakanatha, poti telala sataya kanthu, ngakhale kachigamba kochepa ngati chikhadabo. Patapita masiku angapo zala zinapepuka, makina anayambanso kuimba. Kuyambira pamenepo anadzipangira ndondomeko yawoyawo: ntchito ikachuluka pilitsi m'chitini, ikachepa pilitsi m'kamwa. Tsoka lake, ntchito sinkachepa kawirikawiri.

Kalaliki ankadutsa pashopu madzulo aliwonse akaweruka. Ankaima pakhomo chikwama chili paphewa, kutenga pepala la mapilitsi, kuona mabowo opanda kanthu, n'kuchonga m'kope. Ntchito yake inamuphunzitsa kukhulupirira pepala, ndipo pepala silinamunamize: pilitsi linalidi litachokamo.

Atawaitana kulowa, dokotala anatembenuza kompyuta kuti onse aone zithunzi za m'thupi.

"Bambo, nkhani si yabwino kwenikweni," anatero. "Chotupa cha kuimpso chakulako, ndipo timadontho ta m'mapapo tawonjezeka. Mankhwala mumamwa onse?"

"Osadumpha ngakhale tsiku limodzi, adokotala," Kalaliki anayankha bambo ake asanayasamule. Anatsegula kope n'kulikankhira patsogolo. "Onani nokha. Ine anthu odumpha mankhwala ndimakangana nawo tsiku lililonse kuntchito. Kwathu zimenezo ayi."

Dokotala anayang'ana mizere ya zochongazo, yowongoka ngati msoko wa makina.

"Ndiye kuti njira yoyambayi yatikanika," anatero. "Tiisiye, tipite ku mankhwala ena. Ndisakubisireni: nthawi zambiri mwayi waukulu umakhala pa yoyamba, ndipo tikalemba kuti yalephera, sitibwererakonso wamba."

Anatenga cholembera. Atelala anagwira chitini chija m'thumba. Chitinicho anachinyamula m'mawa asakudziwa ngati adzachitulutsa, ndipo tsopano chinkawalemera ngati simbi yositira. Akakhala chete, ataya mankhwala amene mwina akanawathandiza. Akalankhula, ang'amba kope la mwana wawo pamaso pa dokotala. Paja akulu amati manyazi anapha lambe, ndipo iwo anaona kuti atsala pang'ono kumutsatira.

"Taimani kaye, adokotala. Musalembe."

Anatulutsa chitini, kulimbana ndi chivindikiro, n'kukhuthulira patebulo. Mabatani akuda, oyera ndi a mkuwa anamwazika, lina linagubuduka mpaka kunsi kwa kabati. Pakati pake panali mapilitsi mbwee, ena atamatirira tiulusi.

Atelala anayang'ana nsapato zawo. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi a munthu wa imvi wogwidwa ngati mwana wobisa masamba kunsi kwa mbale.

"Bambo!" anatero Kalaliki. "Mwandiyalutsa chonchi? Ine kumachonga tsiku ndi tsiku ngati chitsiru?"

Dokotala sanakalipe. Anaika cholembera pansi n'kupempha kuti aone manja. Atelala anawatambasula monyinyirika. Khungu la m'zikhatho linali lokakala, losendeka, ndipo pachala chokankhira singano panali mng'alu wosapola.

"Izi timazidziwa," anatero dokotala. "Mapilitsi amenewa amatero kwa anthu ambiri. Tikanachepetsa mlingo, kapena kukupumitsani masiku ochepa, n'kukupatsani mafuta odzola. Mankhwalawa sanalephere, bambo, sanayesedwe n'komwe. Tiyambiranso ndi mlingo wocheperako. Koma miyezi itatu ija sindingakubwezereni, ndipo chimene chakula chakula."

Kalaliki sanali kumva. Maso ake anali pa zikhatho zija.

"Mukanandiuza, Bambo. Inetu ndimabwera tsiku lililonse. Bwanji osandiuza?"

Apa Atelala akanangokhala chete, zikanatha bwino. Koma lilime lozolowera kunena zoona linawatsogolera.

"Ndinakuuza, mwanawe. Sabata yachitatu ija. Ndinati manja akundiwotcha."

"Ndiye ine ndinati chiyani?"

"Unati, 'Mankhwala sasiyidwa, akulu, pirirani.' Unali ukulemba."

Atelala ananena mawuwo mofatsa, koma anawanena ndi kamvekedwe kenikeni ka mwana wawo, kaja ka pazenera la sitolo, kouza nako mlendo amene kumbuyo kwake kuli mzere. Kalaliki anakazindikira. Nkhope yake inagwa, ndipo anatseka kope pang'onopang'ono n'kuliika pansi pa chikwama. Atelala analakalaka akanameza mawuwo monga anakanira kumeza mapilitsi. Pa zonse zimene anachita miyezi itatuyo, ichi ndicho chinawachititsa manyazi koposa.

Dokotala anatuluka kukaitana namwino wa mafuta aja, ndipo anachedwako dala. Atelala anayamba kutola mabatani awo. Batani lina laling'ono la malaya linawakanika. Ankati akalitsina, linkaterereka, chala n'kuwalasa ndi ululu. Anayesa kachitatu.

Kalaliki anawagwira dzanja, osati kuti awathandize kutola. Analitembenuza, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Linalo," anatero.

Anamupatsa linalo.