Manja a Kasingano

Anamwino a ku chipinda cha opaleshoni ndiwo anamupatsa dzina loti Kasingano, chifukwa akasoka bala, chipsera chake chinkachita kusowa. Anali dokotala wachitsikana amene anali atangomaliza kuzungulira mawodi onse a chipatala, ndipo nthawi inakwana yoti asankhe mbali yodzakhazikikamo.

Mtima wake unali utasankha kale. Miyezi imene anagwira ntchito kuwodi ya odwala maganizo, ankadzuka yekha wotchi isanalire. Ankakonda kukhala pabenchi n'kumamvetsera munthu amene abale ake anatopa naye, mpaka tsiku lina munthuyo n'kupempha chipeso kuti apese tsitsi.

Koma panali Akulu, mkulu wa madokotala a opaleshoni. Kasingano ali kusekondale, iwowo ndi amene anachotsa chotupa m'mimba mwa amayi ake, madokotala ena atataya kale mtima. Chiyambire pamenepo dzina lawo silinkasowa m'pemphero la pakhomopo.

Loweruka masana anati ayambire kunyumba. Amayi ake ankasita zovala pathebulo la pabalaza, achimwene ake atagona chagada pasofa.

"Amayi, ine ndikufuna ndiphunzire za matenda a maganizo."

"Eee, zabwino zimenezo!" achimwene aja anadzuka akuseka. "Uyambire apongozi anga, ndikawabweretsa ndekha."

Amayi sanaseke. Anaimika simbi, n'kukweza bulauzi pang'ono kuonetsa chipsera chachitali cha pamimba.

"Ichi wachiiwala? Munthu uja wakutenga ngati mwana wake. Ukawauze wekha. Koma ine ndikadzakumana nawo panjira, maso ndidzawaika pati?"

Lolemba atamaliza kuona odwala, anakagogoda ku ofesi ya Akulu. Munali mothina, mabuku mpaka pansi, zenera lake losatseguka.

"Lowa, mwana wanga. Wachita bwino, ndimati ndikuitanitse."

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya maphunziro anga. Ndaganiza mofatsa ndithu..."

"Tseka kaye chitseko."

Atatseka, Akulu anatambasula dzanja lamanja pamwamba pa desiki. Zala zinkanjenjemera zokha. Anazigwira ndi dzanja linalo, koma atazisiya zinayambiranso.

"Palibe akudziwa, ngakhale mayi akunyumba. Maopaleshoni aatali ndinasiya kale, ndimangoti ndatanganidwa. Onse amene ndinawaphunzitsa anapita kokafuna moyo kwina. Watsala ndiwe. Ndikapuma popanda wolowa m'malo, odwala ngati mayi ako azidzabwezedwa pageti."

 Kasingano anadzilimbitsa.

"Bambo, ine mtima wanga uli kuwodi ya maganizo."

"Ndikudziwa. Ndinkakuona pabenchi paja." Analankhula mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri. "Kumeneko kulinso anthu, sindikukana. Koma manja ngati akowo sabadwa chaka chilichonse. Ungomaliza kaye maphunziro a opaleshoni, kenako udzachite zakukhosi kwako."

Kasingano ankadziwa kuti palibe amene anathera unyamata wake pa mpeni n'kudzabwerera kukayamba zina. Ankadziwanso kuti akakana lero, adzatuluka m'chipindamo atasenza chinsinsi cha nkhalambayo, n'kumaiona tsiku ndi tsiku ikubisa dzanja m'thumba.

"Mundipatseko nthawi ndiganize, bambo."

"Ganiza, mwana wanga. Koma mawa m'mawa kuli opaleshoni ya mayi wodwala ndulu. Utsogolera ndiwe, ine ndidzangoima pambali."

M'mawa mwake opaleshoni inayenda ngati madzi. Akulu anaima kumbuyo kwake, manja atawapinda pachifuwa, mpaka ulusi womaliza. Kenako anatembenukira kwa anamwino.

"Mwamuona wolowa m'malo mwanga?"

"Tinamuona kalekale ife!" anatero namwino wamkulu. "Ameneyu sachoka muno, tidzakalamba naye."

Onse anaseka. Kasingano anathokoza kuti kukamwa kwake kunali kophimbidwa ndi kansalu, moti panalibe chifukwa chomwetulira. Anavula magolovesi n'kupita pampope. Anasamba m'manja, thovu n'kutha, koma anangoimabe madzi akuthira pazala zake.

Namwino wamkulu anasuzumira pachitseko.

"Adokotala, wina uja tamugoneka kale. Tikudikira inu."

"Ndikubwera," anayankha, n'kutseka mpope.