Korali wa Renata Satuluka Muno

Wanda Pruchnik anamva galimoto ikugunda bini yake ya zinyalala, ndipo anadziwiratu kuti alamu ake afika. Masiku amenewo Glenn Hostetler ankaimika galimoto ngati wakwiyira msewu. Wanda anasuzumira pawindo. Chipale chinali cholekeza m'mawondo, monga chimachitira mumzinda wa Erie mu Febuluwale, ndipo Glenn ankatuluka m'galimoto atanyamula kabokosi kapulasitiki kachivindikiro. Pambuyo pake pankabwera Darnell Boykin, mlembi wa kalabu yawo ya oweta korali, tamoyo ta m'nyanja tija timamera ngati timitengo tamwala, atakumbatira katoni ya pitsa.

Kabokosi kaja ndi kamene kanamupsetsa mtima Wanda. Munthu wa m'kalabu sanyamula kabokosi koteroko pokacheza, amakanyamula akafuna kutenga kanthu.

Chimene ankachifunacho chinali m'chipinda chapansi, m'thanki yagalasi ya madzi amchere. Anali korali wa nthambinthambi, wamkulu ngati dzanja lotambasula, amene kalabu yonse inkamutcha Pepo wa Renata. Renata anali mkulu wake wa Wanda, mkazi wa Glenn. Renatayo ndiye anamulera koraliyo kuchokera pa kanthambi kosakwana chala, ndipo asanadwale matenda amene anamutenga aja anathyolako nthambi n'kugawira anzake, monga mwa mwambo wa tcheni. Mwambowo ndi wosavuta. Ukalandira kanthambi mwaulere, kakakula umagawirako ena, ndipo korali akafa kunyumba imene tcheni inayambira, amene ali naye amabweza. Wokana amachotsedwa m'kalabu.

Tsono nthambi za anthu ena zija zinatha kale, wina magetsi atazima, wina hita itamuwiritsira thanki. Mayi wa zonsezo, uja wa kwa Glenn, anayera mbee mwezi wapitawo n'kutsala chigoba. Wamoyo anali wa Wanda yekha.

Wanda sanathamangire kuchitseko. Anayamba watsikira pansi, nazula waya wa getsi la pathanki, kenako anakwera kukatsegula.

"Alamu, bini yanga yakulakwirani chiyani?"

"Mwaiika pakati pa njira," anatero Glenn akukuntha chipale kunsapato.

"Ili pamalo pake chimangireni nyumbayi."

"Anti Wanda, ine ndangobwera ndi pitsa," anatero Darnell. "Sindili mbali ya aliyense."

"Pitsa m'manja, chodulira m'thumba. Ndachiona, Darnell, chikutulukira. Lowani msanga, mukundilowetsera chisanu."

Atatsikira pansi anapeza thanki ili mumdima, nsomba zikungozungulira modabwa. Kababu ka kudenga kokha ndi kamene kankayaka, ndipo pa kuwala koteroko korali aliyense amangooneka ngati mwala. Glenn anapapasa kukhoma, napeza waya uja, n'kuubwezeretsa. Balasiti, bokosi lodyetsa babu la pathanki magetsi, inayamba kung'ung'udza koma babu silinayake. Glenn anaimika dzanja pafupi nalo namva kutentha.

"Mwangozimitsa kumene."

"Ndazimitsa, inde. Ndi magetsi anga."

Onse atatu ankadziwa tanthauzo lake. Babu la mtundu umenewu, lotchedwa halaidi, ukalizimitsa likadali lotentha limanyanyala, siliyakanso mpaka litazizira, ngakhale ulinyengerere chotani. Panalibe chochita koma kudikira. Darnell anatsegula pitsa pamwamba pa makina ochapira, ndipo palibe amene anaikhudza kupatula iye mwini.

"Tamvani phokosolo," anatero Glenn akuloza ndi phazi balasiti yomwe inali pansi pa thanki. "Mukadali ndi chitsulo chimenechi? Darnell, si iyi imene timaitcha mng'oma wa njuchi?"

Inali yomweyo. Balasiti ya Wanda inali ya maginito, yolemera ngati batire ya galimoto, ndipo inkatenthetsa chipinda chonse moti mphaka ankagona pambali pake. Anthu ambiri m'kalabu anali atasamukira ku mabalasiti amakono, opepuka ndi achete. Ya Wandayo anamupatsa ndi Renata pamene Glenn ankafuna kuitaya, ndipo Wanda analibe maganizo oisintha, aseke asaseke.

Kunena chilungamo, za mababu Wanda sankadziwa zambiri, ndipo zochepa zimene ankadziwazo anaphunzira kwa Glenn yemweyo. Si pachabe anamusankha kukhala tcheyamani. Ndiye ankayala mababu ndi mabalasiti patebulo m'galaja mwake, n'kumawasinthasintha anthu akuonerera, kuti aone okha mmene babu limodzimodzilo limawalira moyera pa balasiti ya maginito koma n'kupendekera ku buluu pa yamakono. Ndiyenso ankalalikira kuti babu latsopano limawotcha: uyale masefa a pawindo pamwamba pa thanki, uzichotsa mmodzimmodzi mpaka korali azolowere.

Koma chimwalirireni Renata, mlalikiyo anasiya kuitanira anthu kwake. Ankangobwera kumisonkhano kudzadandaula kuti mababu a masiku ano ndi achinyengo, onse achikasu, onse amdima. Anasintha babu, anasintha balasiti, anasinthanso babu, mpaka anapachika aakulu aja oyenera thanki yozama ya m'sitolo. Sefa sanayale ndi mmodzi yemwe. Izi Wanda anazimva kwa Darnell, ndipo sanamukhululukire Glenn.

"Alamu," anatero Glenn, mawu ake ali a pamsonkhano, "lamulo mukulidziwa. Tcheni inayambira kwathu. Sindikutenga yense, ndidula theka."

"Mukamuike pati?"

"M'thanki mwanga."

"Pansi pa ng'anjo zanu zija?"

"Kuwala kwake n'koyenera. Chinamupha uja ndi matenda, anayamba ndi kuda, ndinamuona ndi maso angawa akusanduka wabulauni."

"Matenda ake ndinuyo. Mwaotcha korali wa mkulu wanga, ndiye mwabwera ndi kabokosi kudzatenga ndiwo ina."

"Anali mkazi wanga."

"Ine ndinayamba kugona naye chipinda chimodzi inu musanamere mano. Musandiopseze ndi ukwati."

Darnell anameza pitsa movutikira. "Anti, chonde. Mukakana, ine ndikuyenera kukanena kumsonkhano kuti mwadula tcheni. Akuchotsani. Tebulo lanu la tsiku losinthana nthambi alipereka kwa wina. Palibenso amene adzakupatseni kanthambi kapena kulandira kanu."

Mawuwo anamubaya, ndipo Darnell ankadziwa kuti amubaya. Wanda ankagwira ntchito yotsuka anthu mano sabata yonse, akulankhula ndi anthu oyasamula amene sangayankhe. Loweruka la kalabu ndi limene linali macheza ake. Analowamo chifukwa cha Renata, ndipo ndi anthu a m'kalabu omwewo amene ankabwera kudzamusinthira madzi a m'thanki nthawi ya maliro, iye atafooka. Kuwataya kunkamuopsa ndithu. Koma anayang'ana kabokosi kaja, naganiza za chigoba choyera chili kwa Glenn, mantha aja n'kusanduka ukali.

"Ukanene," anatero. "Ukanene bwinobwino, dzina langa usalilakwitse. Korali wa Renata satuluka muno."

Pomwepo babu linathetheka. Linayamba ndi kakuwala kobiriwira, kofooka, kenako linkakhwima pang'onopang'ono mpaka madzi onse anawala, mizere ya kuwala ikuvina pamchenga. Wanda ankaziona tsiku lililonse koma sizinkamukwana. Pepo wa Renata anaonekera pamwamba pa mwala wake, nthambi zonse zili pepo wakuya, nsonga zake zowalira pang'ono pomwe ankakula.

Glenn anatulutsa mita yoyezera kuwala, napinda malaya, n'kumiza kachipangizo kake m'madzi pafupi ndi koraliyo. Anaiyandikitsa mitayo kumaso, naitalikitsa, kenako anaipereka kwa Darnell.

"Tawerenga iwe, magalasi ndasiya m'galimoto."

Darnell anawerenga nambala. Glenn anaseka mopanda chimwemwe.

"Mwamva? Kuwalaku sikufika ndi theka lomwe la kwanga. Babu ili linatha kalekale, alamu, likanayenera kusinthidwa chilimwe chathachi."

"N'zoona, ndi lakale," anatero Wanda. "Ndilisintha ndikafuna, ndipo ndidzayala masefa monga munandiphunzitsira, musanapenge."

"Mukumupha ndi njala ya kuwala!" Glenn anagogoda galasi ndi chala, chinthu chimene iye mwini ankakalipira nacho alendo. "Darnell, tayandikira, ukhale mboni. Tamuona. Uyu ndi Pepo wa Renata uyu? Wabulauni ngati matope! Ndi mmene anayambira wanga uja. Pepo ali pati apa? Ndiuze, ali pati?"

Darnell anayandikira. Anayang'ana korali, anayang'ana Glenn, kenako anatembenukira kwa Wanda pakamwa pali yasa.

Wanda ankaganiza kuti alamu akewo akuchita mwano, ndipo yankho lowawa linali litafika kale pamlomo. Koma nkhope ya Glenn sinali yamwano. Munthuyo ankanena zimene ankaona. Wanda anakumbukira bini yake, nakumbukira magalasi amene nthawi zonse ankakhala atatsala m'galimoto, ndi madandaulo aja akuti mababu onse asanduka achikasu. Anamuyang'anitsitsa m'maso pa kuwala kwa thankiyo, ndipo anaona kachifunga pakati pa diso, kamene anakaonapo mwa bambo awo atakalamba.

"Glenn," anatero, ulemu wa chilamu atauika pambali. "Korali ameneyu ndi wapepo."

"Musandipusitse."

"Ndi wapepo, a tcheya," anatero Darnell motsitsa mawu. "Sindinamuonepo ali wokongola chonchi."

"Nonse mwagwirizana."

"Tagwirizana liti? Mnyamatayu wabwera pagalimoto yanu, ndi chodulira chanu." Wanda sanafewetse mawu. "Muli ndi ng'ala, alamu. Maso anu ndi amene achita chikasu, osati mababu. Korali wa Renata sanade ayi. Anali bwinobwino, inu n'kumamuwonjezera moto."

Anazinena mosazungulira chifukwa anali wokwiya, ndipo atangozinena anamva chisoni chimene sanachifune. Glenn anabwerera m'mbuyo mpaka anakhala pa chidebe cha mchere. Anayang'ana thanki nthawi yaitali, akutsinzina diso ili, kenako linalo. Balasiti inkangong'ung'udza.

"Ndinkafuna abwerere mmene analili," anatero pomaliza. "Ndikatsika m'mawa ndinkamupeza wazilala. Ndinkati ndalephera kumusamalira, Renata akanakhalapo sizikanatero. Ndiye ndinkagula lina."

 Darnell anatseka katoni ya pitsa mwakachetechete.

Koma Glenn anali Glenn. Anapukuta mphuno, nadzuka, natambasulira dzanja kwa Darnell kuti amupatse chodulira. "Chabwino. Nditsitsa magetsi, ndiyala masefa. Lamulo likadali lamulo, ndipo ine ndikufuna koraliyu akhale kwawo."

Wanda anafulumira. Anasolola chodulira m'thumba la Darnell n'kuchiika m'thumba la juzi yake, naima pakati pa Glenn ndi thanki.

"Mutsitsa kufika pati? Mudzatsika mawa m'mawa, mudzamuona wabulauni, mtima udzakupwetekani, ndipo mudzakweza. Sindikupatsani. Darnell, ukanene kumsonkhano kuti Wanda Pruchnik wadula tcheni dala, ali bwinobwino, asanamwe kanthu. Tebulo apereke kwa amene akulifuna."

"Anti, mwina ndikawafotokozera za maso..."

"Za maso a anthu si zako. Mwini wake akafuna adzanena yekha. Iwe ukanene za ine."

Glenn anatsegula pakamwa, koma Wanda sanamupatse mpata.

"Inu mupite kwa dokotala wa maso. Ndikuperekezani ndine, chifukwa galimoto ija simuyendetsanso mpaka akukonzeni. Akakuchotsani ng'alayo mudzabwere, mudzaime pomwe mwaimapo, mudzandiuze nokha mtundu wa korali ameneyu. Tsiku limenelo ndidzadula ndi manja anga, ndipo ndidzakusankhirani nthambi yabwino. Lisanafike tsikulo, bweretsani kalabu yonse, mudzandipeza ndili pompano."

Glenn anayang'ana kabokosi kake kopanda kanthu. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa makiyi a galimoto, n'kuwapereka kwa Darnell osamuyang'ana. Darnell anawalandira, nanyamula kabokosi kaja, n'kukwera masitepe akunena kuti akatenthetse injini.

Glenn sanamutsatire msanga. Anayandikiranso thanki, nkhope ili pafupi ndi galasi.

"Pepo wake wotani?" anafunsa.

"Mukuikumbukira jekete ija ankavala pa Isitala, ija munkati ikumuonetsa ngati bishopu?"

"Ndikuikumbukira."

"Ameneyo."

Glenn anagwedeza mutu movomereza pang'onopang'ono, maso ali pa korali amene kwa iye anali wamatope. Wanda anakoka mpando namuikira kumbuyo, ndipo Glenn anakhala.