Chimene Rejoice Ankatibisira

Ndinamuchenjeza mwana wanga Faines kuti asalole anthu a mapepala kufunsa Rejoice za mayi ake. Ine kusukulu sindinapondeko, koma ndinkaopa kuti akangolemba kuti mwana mutu sukuyenda bwino, atilanda. Faines anangoti ine ndimaopa ngakhale mthunzi wanga womwe.

Rejoice ndi mwana wa malemu Kristina, mnzake wa Faines wa kukwaya. Kristina atamwalira, a ofesi yoona za ana anatipatsa mwanayu kuti timulere. Kwathu kuno mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sauzidwa za maliro. Nthawi ya maliro tinamutumiza kwa azakhali ake ku Bowe, ndipo atabwerako tinamuuza kuti mayi ake apita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, adzabwera. Kuchokera apo mwana anayamba kukodza pamphasa, mawu anachepa, ndipo madzulo aliwonse ankakakhala m'mbali mwa msewu wa ku Kasakula.

Ndiye kunabwera mayi a kuchipatala, oyendera ana oleredwa ndi anthu ena kuti aone ngati maganizo awo ali bwino. Ndinati mwana timubise m'chigafa cha fodya. Faines anawayalira mphasa.

Ine ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, makutu tcheru. Mayiwo analibe jakisoni, ngakhale kumugwira mwana sanamugwire. Ankangofunsa pang'onopang'ono ngati amagona bwino, amasewera ndi yani, amalota chiyani. Kenako anafunsa chimene amakhalira kumsewu. Ndinati basi, mwana wapita.

Rejoice anayang'ana kaye kumene kunali Faines, n'kutsitsa mawu.

"Amayi anamwalira. Chitenje chawo cha kukwaya ndinaona atavala azakhali a ku Bowe. Koma anti Faines sakudziwa, amati adzabwera. Ndimakhala kumsewu kuti asazindikire, angalire."

Ndaika m'manda mwamuna ndi ana atatu, koma zotere sindinazionepo. Kamwana kosatha kusenza ndowa kanasenza maliro kokha miyezi isanu, kutitchinjiriza ife akuluakulu amene tinkati tikukatchinjiriza.

Mayi a kuchipatala aja mwanayo sanamutenge. Anangolemba dzina lake papepala, n'kunena kuti Faines azipita naye kuchipatala kamodzi pamwezi kukacheza ndi aphungu, ndipo tisamunamizenso. Atatero anatembenukira kwa Faines ndi mafunso omwe aja.

"Nanga inu mayi, mumagona?"

Faines, amene pamaliro a mnzake sanagwetse msozi chifukwa chotanganidwa kubisa nkhani, anayesa kuseka. Pakamwa panakana. Analira mpaka a nyumba zoyandikana anatuluka, kuyesa kwagwa maliro ena. Rejoice anamupukuta misozi ndi nsonga ya diresi.

Tsopano papepala lija pali mayina awiri. Lachiwiri loyamba la mwezi Faines amatseka geni yake ya tomato, n'kutsika phiri kupita kwa aphungu, kamwana kali patsogolo katamugwira dzanja.