Galimoto Idakhala Chete pa Msundwe

Atayandikira Msundwe, injini idangoti zii. Koma galimoto inkayendabe.

Mayi Tabita adacheukira kumbuyo. Mipando idali yopindidwa, ndipo pamenepo padagona mtembo wa mkulu wawo, aNankhoma, wokulungidwa m'bulangete. Adamwalira m'mawa womwewo kuchipatala ku Namitete. Tsopano mwana wa malemuyo, Lameck, ankawatengera ku Lilongwe kukawaika m'manda a m'tauni.

"Ima, iwe Lameck. Amako akukana."

"Mayi aang'ono, musaope. Galimotoyi ndi ya ku France, imayendera petulo ndi batire. Tikamayenda pang'onopang'ono injini imapuma yokha."

"Nanga yapumiranji pano? Bwanji sidapume pamlatho paja?"

Kumanzere kudaoneka msewu wafumbi wolowera ku Kabudula, kumudzi kwa malemuwo. Galimoto inkaseseleka pakati pa anthu a pamsika ngati mthunzi. Palibe adacheuka. Mbuzi ina idagona m'mbali mwa tala, sidadzuke n'komwe. Mayi Tabita ankangomva mphonje za bulangete zikukhudza chitseko.

"Amako adakuuza ine ndili pomwepo," adatero motsitsa mawu. "Ankati ukawagoneke pafupi ndi mayi awo. Iwe udangoyankha kuti mudzachira, amayi."

"Kumudzi n'kutali. Anzanga a kuntchito akafika bwanji? Ana anga azikaona bwanji manda?"

"Maliro ndi a anzako a kuntchito, eti?"

Adatembenuka n'kugwira phazi la mtembowo. Lidali lozizira ngati mtsuko.

"Akulu, ndine Tabita. Tafika pamphambano. Mwanayu ndi wanu yemwe, mutu wouma mukuudziwa. Musatitayire m'ngalande."

Lameck adaimika galimoto. Thukuta lidali kamukamu pamphumi. Adayang'ana pagalasi loonera kumbuyo, kenaka adalipotolera m'mwamba kuti asaonenso.

"Ndi batire chabe," adanong'ona.

"Chabwino, ndi batire. Tiye nayo ku Lilongwe batire yakoyo."

Lameck adagwiranso chiwongolero. Kenaka adakhotera kumanzere. Matayala atangoponda fumbi, injini idadzuka n'kuyamba kulira bwinobwino.

"Apa n'pokwera, n'chifukwa chake," adatero Lameck.

"Ndamva. Imbira amalume ako auze adzukulu ayambe kukumba." Mayi Tabita adakonza chitenje chawo n'kuyang'ana kutsogolo. "Ndipo za ine ndikukuuza lero, ndikadali moyo: udzandiike kwathu komweko. Undimvere pakamwa pano, mwanawe. Usadzadikire kuti ndilankhulire m'galimoto."