Ampulifaya ya Ometa Tsitsi

Mumsewu monsemo ankangowatchula kuti a Makutu. Ampulifaya ikabwera pa shopu yawo yokonzera zoimbira, iwo sankafuna zambiri. Ankangoiyatsa, kutsinzina, kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba, kenako n'kuloza pomwe pali matenda. Kuphonya kunalipo, koma mwa apo ndi apo.

Mavuto anabwera ndi mwana wawo wamkazi. Atamaliza maphunziro a zamagetsi, anafika ndi kamakina kagalasi kojambula mawu ngati mzere wobiriwira, n'kukakhazika pa benchi pakati pa mawaya ndi zitini za masikuluwu. A Makutu ankakanyoza kuti ndi kawailesi yakanema kopanda nkhani. Koma mumtima ankaopa, chifukwa makasitomala anali atayamba kusuzumira pakhomo n'kumafunsa kuti, "Mwana uja alipo?"

Ndiye kunabwera ampulifaya ya ometa tsitsi oyandikana nawo. Mtsikanayo anaikonza, anaiyeza, n'kunena kuti yachira. A Makutu anaimvetsera n'kupukusa mutu.

"Sinachire iyi. Mawu ang'onoang'ono aja mulibe. Woimbayu akumveka ngati wafunda bulangete."

"Bambo, ndayeza kuyambira pa besi mpaka pamwamba penipeni. Palibe chasowa."

"Kodi anthu amavina mizere?"

Ometa aja, omwe ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa, zinawakwana. "Akuluakulu, kwanga anthu akumetedwa ali duu ngati pamzere wa kuchipatala. Gwirizanani chimodzi, ine nditenge katundu wanga."

A Makutu anakana kwamtuwagalu. Chinthu chosamveka bwino chinali chisanatulukepo pakhomo pawo, ndipo sichikanayamba tsiku limenelo chifukwa cha kagalasi.

"Chabwino, tiiyese limodzi," anatero mwanayo, koma mosafuna kwenikweni. "Ndilowetsa kulira kumodzi, ndizikukweza pang'onopang'ono. Pomwe ampulifaya isiyire kutulutsa, inu mukweze dzanja."

A Makutu anakhala mwachifumu n'kutsinzina. Kulirako kunayamba konenepa, kogwedeza masikuluwu m'zitini. Kunanka kuwonda, kukhala likhweru, kenako kamawu ka udzudzu. Kenako zii. Dzanja linakwera monyadira.

"Apo. Yafera pamenepo. Ndimanena ine."

Atatsegula maso anaona ometa atatseka makutu ndi zala, nkhope itakwinyika.

"Mayi, tazimitsani, mano anga akuchita dzanzi."

Pagalasi paja mzere unali kuvinabe bwinobwino. A Makutu anatsitsa dzanja lija n'kuyamba kukanda nalo pakhosi, ngati ndi zomwe analikwezera. Zinawawawa, osati pang'ono. Zaka zonse zija zogunditsa mutu pa masipika zinali zitadya gawo la makutu awo, ndipo wodwala pa shopupo sanali ampulifaya. Mwana wawo sanaseke. Anali kalikiliki kupinda waya wosafunika kupinda, maso ali pansi. Apo m'pamene a Makutu anazindikira kuti mwanayo ankadziwa kalekale, ankangowasungira ulemu.

Ometa ananyamula katundu wawo n'kutuluka monyang'ama, osatsanzika n'komwe.

A Makutu anakoka mpando wawo mpaka pa benchi, n'kuvala magalasi.

"Tasendera uko, mwanawe. Ndiye ukuti mzerewu ukaphwatalala pamwamba chonchi ndiye kuti kwapsa chiyani?"

Mwanayo anayamba kufotokoza, akuloza ndi sikuludiraiva.

"Ayi, yambiranso," anatero a Makutu. "Koma ukweze mawu."